PA SIKELO: "Ali bwinoko" si muyeso, amangwetu

Anthu a geni anzanga, inu a mumsika waukulu wa Zomba, a ku Chinamwali, a ku Mpondabwino, a ku Songani, ndi inu mumaima m'mbali mwa msewu wa Ku Chawe ndi timbale ta zipatso: Sabata ino za ziphaso za pamsika ndi kukwera kwa thiransipoti ziyambe zapuma. Ndabwera ndi nkhani ya matenda. Musathamangire kukulungira matemba tsamba lino. Yambani mwawerenga, mukulungira pambuyo.

Ife Amalawi tili ndi nthenda ina yopanda jekeseni, dzina lake ulemu. Munthu ali thapsa pamphasa, kutembenuka komwe akuchita kumutembenuza, koma mukati "mwadzuka bwanji?" akuti "ndadzuka bwino, kaya inu." Mukafunsa womudwazika, naye akuti "ali bwinoko," mwina "akuyesera," mwina "lero ndiye aonako kusintha." Pa moni wa panjira mawu amenewa ngabwino ndithu. Koma m'chipinda cha dokotala ali ngati ndalama yong'ambika: muli nayo m'manja koma siigula kanthu.

Chomwe chimandidabwitsa n'chakuti pa nkhani ya miyeso ife ndife madolo. Mayi wa tomato amadziwa mulu wopelewera ali patali. Wa chimanga sangapusitsidwe ndi chigoba chophwanyidwa kumatako. Wa butchala akaona muvi wa sikelo ukunjenjemera amadziwa kuti pali chala chikusewera. Koma m'bale wathu akadwala, miyeso yonse timaisiya pabenchi, n'kupita kuchipatala ndi "bwinoko." Lero ndikuti matenda nawo ali ndi sikelo yake, ndipo amene wagwira mbale ya sikeloyo ndinu, gadiyani. Ndikamba makamaka za odwala chotupa cha mu ubongo, poti kwa iwo sikelo imeneyi ndi yofunika zedi komanso ndi yonyenga zedi.

Chotupa chobisala m'chigaza

Chotupa cha pamwendo chimaoneka, mumachigwira, mumachiloza. Cha mu ubongo chili m'bokosi la fupa, losafutukuka. Chikamakula chimapanikiza ubongo, ndipo zomwe munthu amaonetsa zimatengera mbali yomwe yapanikizidwa. Wina mutu umamuwawa tsiku ndi tsiku, makamaka mbandakucha, mpaka kusanza. Wina amayamba kugwa ngati wa khunyu ali wamkulu kale, chonsecho chibadwire sadagwepo. Wina dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zimafooka pang'onopang'ono. Wina maso amachita chidima kapena kuona zinthu ziwiriziwiri. Wina mawu amamuthawa: akufuna kunena kuti "anyezi," pakamwa pakutuluka zina.

Ndiye pali chizindikiro china chomwe chimatisocheretsa kwambiri ife a kuno. Chotupa chikakhala cha kumphumi chimasintha khalidwe. Bambo waulemu amayamba kutukwana makasitomala. Mayi wosamala ndalama amayamba kugawa katundu ulele, kapena kungokhala duu tsiku lonse osalabadira kanthu. Inu mukudziwa kuti dziko lonse lino akati "uyu ngofunika kupita naye ku Zomba" amatanthauza chiyani, poti chipatala chachikulu cha matenda a maganizo chili pakhomo pathu pano. Tsono achibale amathamangira kuti wapenga. Pamsika napo miseche imayamba: "Adakhwimira geni ameneyu, zizimba zamutembenukira." Ndalama zimathera kwa asing'anga, miyezi ikupita, chotupa chikukula.

Musandimve molakwa. Mutu uliwonse si chotupa ayi. Mitu yambiri ndi malungo, BP, dzuwa la pabenchi, njala, kapena katapila amene wakwana tsiku lake. Ndiponso si chilichonse chooneka pa chithunzi cha m'mutu chomwe chili khansa. Kwathu kuno TB imatha kupanga chotupa mu ubongo. Mwa anthu omwe chitetezo chatsika ndi HIV muli tizilombo tina tomwe timachita chimodzimodzi. Njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba nazo mazira ake akalowa m'thupi amatha kukakhazikika mu ubongo n'kumagwetsa munthu. Zonsezi zili ndi mankhwala. Zotupa zina, monga zambiri mwa zomwe madokotala amati meningioma, si khansa, ndipo akazichotsa bwino munthu amabwerera pa geni yake. Zina ndi khansa yomwe idayambira kwina, kubere kapena m'mapapo, n'kukwera kumutu. Zina, monga glioblastoma, ndi zolusa, sizimva kunyengerera.

Njira yake ndi yomwe mukuidziwa: kuyambira pachipatala chaching'ono, kupita ku Zomba Central, ndipo za opaleshoni ya ubongo n'za ku Queens ku Blantyre, ulendo wa makilomita osafika 70 koma wodula ngati wa ku Joni mukanyamula wodwala. Ku Queens kudafika makina ojambula ubongo a MRI mu 2008, omwe adabwera chifukwa cha kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana. Kwa zaka zambiri dzina lomwe lakhala likumveka kumeneko pa maopaleshoni a m'mutu ndi la Dr Patrick Kamalo. Koma chithunzi chimangoonetsa kukula kwa chotupa ndi pomwe chakhala. Sichinena ngati munthuyo akutha kudzisambitsa, kapena ngati usiku akugona. Zimenezo ndiye zimafuna sikelo ina.

Sikelo ya Karnofsky

Mu 1948 dokotala wina wa ku New York, David Karnofsky, pamodzi ndi anzake, ankayesa mankhwala atsopano pa odwala khansa. Adaona kuti kungonena kuti chotupa chachepa sikukwanira. Pafunika kudziwa ngati munthuyo akutha kuchita zambiri kuposa kale. Tsono adapanga muyeso woyambira pa 100 kutsika mpaka 0, modumpha khumikhumi. Mpaka lero madokotala a zotupa za mu ubongo padziko lonse amaugwiritsa ntchito. Ndiulongosole m'chinenero cha pamsika.

Pa 100 ndi munthu wangwiro, monga amayi aja amatsika phiri la Zomba ndi mtolo wa nkhuni pamutu dzuwa lisanakwere. Pa 90 geni akuchita monga mwa nthawi zonse, kungoti kamutu kapena kachizungulire kakumuvutitsa apo ndi apo. Pa 80 akupitabe kumsika koma mochita kudzikoka. Kukaoda nsomba ku Kachulu wasiya, akutuma mwana.

Pa 70 benchi yamukanika. Ali pakhomo, koma kusamba, kuvala, kudya ndi kupita kuchimbudzi akuchita yekha. Pa 60 zambiri akudzichitira, koma pena ndi pena afuna dzanja: womangira mabatani, womutungira madzi osamba. Pa 50 afuna womuthandiza kwambiri, ndipo kuchipatala ndi ulendo wa kawirikawiri.

Pa 40 walumala, sangasiyidwe popanda womuyang'anira. Pa 30 ndi wofunika kugonekedwa m'chipatala ngakhale imfa siili pafupi. Pa 20 wadwalika kwambiri. Pa 10 ali kumapeto. Za 0 sindichita kunena, mwadziwa kale.

Palinso muyeso wina waufupi womwe mungauone m'kabuku ka kuchipatala, wolembedwa ECOG kapena WHO. Umenewu umayenda chobwerera, ndiye chenjerani: 0 ndiye wamphamvu, 1 ntchito zolemetsa zokha zamukanika, 2 akudzisamalira koma sagwira ntchito ngakhale nthawi yambiri ya masana ali chilili kapena akuyendayenda, 3 nthawi yoposa theka la tsiku ali gone kapena ali pampando, 4 ali pamphasa kotheratu. Mukaona 1 m'kabuku musayambe kulira. Funsani kuti ndi sikelo iti.

Nanga nambala imeneyi ili ndi ntchito yanji? Ntchito yake ndi yaikulu, amangwetu. Opaleshoni ya m'mutu, mankhwala a khansa ndi kuwotcha chotupa ndi makina zonse zimafuna thupi lopirira. Madokotala ambiri amaona 70 ngati malire ofunika kuwaganizira: amene ali pamwamba pake kawirikawiri amapirira chithandizo champhamvu, amene ali pansi kwambiri chithandizo chomwecho chikhoza kumufooketseratu m'malo momudzutsa. Si lamulo louma ngati la khoti, poti wina amatsika chifukwa chongopanikizidwa ndi chotupa chochotseka, ndipo akachichotsa amakwera. Koma ndi pomwe kukambirana kumayambira.

Tsono taganizani. Dokotala ali ndi mzere wa anthu mpaka panja, inu akupatsani mphindi zochepa. Wodwala mwamusambitsa, mwamuveka malaya a kutchalitchi, wakhala tsonga pampando. Dokotala akufunsa, inu mukuti "ali bwinoko." Iye alemba 80, chonsecho kunyumba munthuyo mukuchita kumudyetsa phala ndi supuni. Mwapinda sikelo ndi ulemu wanu. Ena amapinda dala, poopa kuti akanena zoona wodwala awabwezera kunyumba. Enanso amakokomeza kuti aonedwe msanga. Onsewa ndi ofanana ndi wogulitsa amene amaba pa sikelo kenako n'kukagula pa sikelo yomweyo: wadzibera yekha.

Palinso msampha wina. Kuchipatala amapereka mankhwala otchedwa dexamethasone ochepetsa kutupa kozungulira chotupacho. Pakangopita masiku ochepa munthu amene anali gone amadzuka, mutu waleka, nsima akufunsa yachiwiri. Pakhomo nthungululu, kutchalitchi umboni. Zikomo kwambiri, ndi mpumulo weniweni ndipo tiuyamikire. Koma chotupa chikadalipo. Chomwe chaphwa ndi kutupa kokha. Mankhwalawa akamwedwa nthawi yaitali amatupitsa nkhope, amakweza shuga, amafooketsa ntchafu. Ndipo saasiya mwadzidzidzi. Inu anzanga ogulitsa mapiritsi pabenchi, amenewa musamagulitse ngati maswiti a kamutu. Ndanena.

Chikomekome cha mkuyu

Tsopano ndifike pomwe sikelo ya Karnofsky imaperewera. Iyo imayeza miyendo ndi manja. Koma geni sachita ndi miyendo yokha.

Tiyerekeze bambo wogulitsa kaunjika. Akuyenda bwinobwino kuchokera ku Matawale mpaka kumsika, akusamba yekha, akudya yekha. Pa sikelo angapeze 80. Koma kasitomala akamupatsa ndalama, chenji chikumusokonekera. Amene adatenga katundu pangongole dzulo wamuiwala. Mawu oitanira malonda sakutuluka. Akuopa kuima pafupi ndi chiwaya cha tchipisi kuti angagwere m'mafuta. Usiku sagona, akuganiza za fizi ya ana. Pamaso pa anthu ali bwino. M'kati mwake moyo waphwasuka. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyerekezenso agogo ena ku Sadzi, mwendo ndi dzanja zidafa, akuchita kuwanyamula kupita nawo pakhonde. Pa sikelo ndi 40 kapena 50. Koma ululu adawaletsa ndi mankhwala, adzukulu akusewera pamaso pawo, anzawo a mvano akubwera Lachinayi, za munda ndi nyumba adalongosola kale. Mukawafunsa akuti mtima uli m'malo. Ndani mwa awiriwa ali bwino? Nambala ikuti wa kaunjika. Eni akewo akhoza kukuuzani zina.

N'chifukwa chake akatswiri adaona kuti pafunika sikelo yachiwiri, yomwe woyeza wake ndi wodwala mwini. Ya Karnofsky amalemba ndi dokotala poona ndi maso. Iyi ndi mafunso, ndipo yankho lolondola ndi lomwe wanena mwini thupi. Kafukufuku wa m'maiko ambiri adaonetsa kuti zomwe dokotala kapena achibale amaganiza kuti wodwala akumva zimasiyana kawirikawiri ndi zomwe akumvadi, makamaka pa nkhawa, kutopa ndi ululu. Nsabwe ya m'chovala amaimva ndi wovala.

Mu 1993 bungwe la ofufuza za khansa ku Ulaya, EORTC, lomwe likulu lake lili ku Brussels, lidatulutsa mafunso 30 a wodwala khansa aliyense. Amafunsa za kuyenda, kutopa, tulo, chilakolako cha chakudya, kuiwala, nkhawa, ngakhalenso ngati matenda abweretsa mavuto a ndalama. Pambuyo pake adawonjezera mafunso ena 20 a odwala ubongo okha: za maso, kugwa, kusowa mawu, kuwodzera masana, kufooka kwa miyendo, kulephera kugwira mkodzo, ndi mantha a zam'tsogolo. Funso lawo loyamba limakamba zonyamula chikwama cholemera cha kusitolo kapena sutukesi. Kwathu kuno tingati ndowa ya madzi kapena dengu la kabichi, koma mutu wa funso ndi womwewo.

Musati ndi za azungu okha. Pali mafunso ena afupi otchedwa EQ-5D, okhudza zinthu 5: kuyenda, kudzisamalira, ntchito za tsiku ndi tsiku, ululu, ndi nkhawa kapena kukhumudwa. Amenewa adamasuliridwa m'Chichewa, ndipo mu 2017 madokotala a mafupa ku Blantyre adalemba zotsatira zoonetsa kuti akugwira ntchito pa odwala athu.

Koma omwe amandigwira mtima ine ndi a bungwe la African Palliative Care Association la ku Kampala, opangidwira ife a mu Africa. Ndi mafunso 10 okha. Mafunso 7 ndi a wodwala: ululu uli pati, zovuta zina za m'thupi zili pati, nkhawa ili pati, kodi watha kuuzako wina zakukhosi, kodi akuona kuti moyo udakali ndi phindu, kodi ali pamtendere, kodi banja lalandira uphungu wokwanira wokonzekera zam'tsogolo. Mafunso 3 otsalawo ndi a banja: mwauzidwa zokwanira, mukudzidalira posamalira wodwalayo, ndipo inuyo nkhawa yanu ili pati. Mwaona? Anthu amenewa adadziwa kuti kwathu kuno munthu sadwala yekha. Akadwala wa pabenchi, benchi nayo yadwala, mphika nawo wadwala.

Vuto la odwala ubongo n'lakuti chiwalo chomwe chiyenera kuyankha mafunso ndi chomwe chadwalacho. Ena amafika posatha kulongosola. Apa ndiye gadiyani amayankha m'malo mwawo. Koma pamene munthu akutha kulankhula, ngakhale mochedwa, ngakhale mwachibwibwi, msiyeni alankhule. Tili ndi chizolowezi choipa chomulankhulira wodwala ali pomwepo, ngati thumba la makala lomwe tikutsatsa. Mwinanso timauza dokotala kuti "musawauze, angataye mtima." Chonsecho mwini wakeyo adadziwa kalekale, akungotisungira ulemu ifeyo.

Kabuku ka ngongole kagwire ntchito ina

Aliyense wa inu ali ndi kakope kolembamo angongole. Simuiwala ngakhale wa K200. Gulani kena kotero ka wodwala. Lamulungu lililonse madzulo lembani tsiku, ndi mayankho a mafunso awa.

Sabata ino wayenda mpaka pati: kumsika, kumpopi, pakhonde, kapena sadatuluke? Kusamba, kuvala, kudya, kuchimbudzi: yekha kapena ndi womuthandiza? Masana wagona nthawi yochepera theka kapena yoposa theka? Wagwa kangati, ndipo kugwako kumatenga nthawi yaitali bwanji? Wasanza kangati? Mpatseni ndalama awerenge chenji monga ankachitira: wakhoza? Maina a ana akuwatchula bwino? Kenako mufunseni iye mwini, modekha, muli awiri: ululu uli pati pa zala 5 za dzanja, pamene chibakera ndi kupanda ululu ndipo zala zonse ndi ululu wosapiririka? Chikukudetsani nkhawa kwambiri n'chiyani? N'chiyani chomwe mukulakalaka mutachitabe?

Funso lomalizali musalipeputse. Wina adzati ndikufuna ndizikhalako pabenchi ngakhale ola limodzi, ndizimva phokoso la msika. Wina adzati ndikaone kumudzi ku Jali mvula isanagwe. Wina adzati ndione ukwati wa mwana wanga. Limenelo ndiye yankho lomwe chithandizo chonse chiyenera kulitumikira.

Kabuku kameneka kali ndi mphamvu kuposa nambala ya tsiku limodzi, chifukwa kamaonetsa komwe zinthu zikulowera. Munthu amene wakhala pa 60 miyezi 6 ndi wosiyana ndi amene mwezi watha anali pa 90 lero ali pa 60. Woyambayo ali pachidikha. Wachiwiriyo akutsetsereka ngati njinga yopanda mabuleki pa msewu wa Ku Chawe, ndipo ngofunika kubwerera naye kuchipatala osadikira tsiku lomwe adalemba. Dokotala akaona masamba anayi a zoterezi amadziwa zambiri kuposa zomwe angapeze pokufunsani theka la ola.

China: gadiyani wokamba ndi dokotala akhale mmodzi, amene amagona ndi wodwalayo. Osati lero azakhali, mawa mlamu wochokera ku Lilongwe amene wafika usiku, mkuja mwana wa sukulu. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Kusinthana pa ntchito yosamalira n'kofunika, poti mutu umodzi susenza denga, koma kabuku kaziyenda ndi wodwala.

Ndipo akagwa pamsika, musamuike supuni m'kamwa, musamuthire madzi, musathawe. Matenda akugwa sapatsirana. Chotsani mbaula ndi zakuthwa pafupi, muikireni chitenje kumutu, kugwedezeka kukatha mugonekeni cham'mbali. Kukapitirira mphindi 5, thamangani naye kuchipatala.

Mpamba usanapite

Tsopano ndikambe za ndalama, poti ndi pomwe mabanja a geni amagwera m'mbuna. Munthu akadwala timagulitsa katundu, kenako mpamba, kenako benchi, kenako malata a nyumba, kenako ngongole ku banki m'khonde. Chikondi chimenecho ine ndimachivulira chipewa. Koma chikondi nacho chimafuna maso.

Imvani izi. Mu 2005 gulu la madokotala lotsogozedwa ndi Roger Stupp wa ku Switzerland lidalengeza zotsatira zomwe zidasintha kachizidwe ka glioblastoma padziko lonse. Odwala omwe adawotchedwa ndi makina okha, theka la iwo lidapyola miyezi 12. Omwe adawonjezeredwa mapiritsi a temozolomide, theka lidapyola pafupifupi miyezi 15. Ndi m'zipatala za ku Ulaya ndi Canada zimenezo, zokhala ndi chilichonse, ndipo odwala omwe adalowa m'kafukufukuyo anali oti akutha kuyenda ndi kudzisamalira. Miyezi imeneyo ndi ya mtengo wapatali kwa amene akuifuna, ndipo alipo ena ochepa omwe amakhala zaka. Koma banja liyenera kudziwa chomwe likugula. Pamene chotupa china, chosakhala khansa, opaleshoni imodzi ikhoza kubweza munthu kwa zaka zambirimbiri, ndipo pamenepo kuchedwa ndiye kutaya.

Kwa zaka zambiri wofuna makina owotchera khansa ankachita kutuluka m'dziko muno, kupita ku Lusaka, ku Dar es Salaam kapena ku India. Mu 2024 ku Blantyre kudatsegulidwa chipatala cholipira cha International Blantyre Cancer Centre chokhala ndi makina amenewa. Zinthu zikusuntha, inde. Koma funso la wa geni silidasinthe: ndigulitse chiyani, ndipo ndipeza chiyani?

Tsono musanagulitse kalikonse, khalani pansi ndi dokotala mufunse mafunso anayi. Chotupachi ndi cha mtundu wanji? Chithandizochi n'chochiza, kapena chotalikitsa masiku, kapena chochepetsa ululu? Zikayenda bwino, munthuyu adzatha kuchita chiyani chomwe sakutha lero? Zikavuta, adzataya chiyani chomwe akutha lero? Kale tinkaopa aliyense wovala yunifolomu, kufunsa kunali kuderera. Koma pa 14 June 1993 tidavota kuti pakamwa patseguke. Ufulu umenewo sudathere pa misonkhano ya ndale. Umalowa mpaka m'wodi. Safunsa adadya phula. Funsani mwaulemu, koma funsani.

Ndipo dokotala akanena kuti kuchiza sikutheka, si ndiye kuti chithandizo chatha. Pali anamwino ndi madokotala a chisamaliro chomwe amati paliyetivu, ntchito yawo ndi kuletsa ululu, kusanza, kugwa ndi nkhawa, ndi kuphunzitsa banja kasamalidwe ka wodwala pakhomo. Ku Queens kuli Tiyanjane ya akuluakulu ndi Umodzi ya ana. Ku Salima kuli Ndi Moyo. Pali bungwe la dziko lonse la ntchito imeneyi, Palliative Care Association of Malawi. Mukakhala ku Zomba Central kapena pachipatala cha boma chilichonse, funsani kuti a paliyetivu ali khomo liti. Morphine wakumwa, akaperekedwa pa muyeso wake ndi achipatala, si mankhwala othamangitsira munthu kumanda monga ena amanenera. Ndi woti munthu agone tulo, adye, acheze ndi ana ake. Nambala ya Karnofsky mwina siikwera, koma ya mtendere imakwera, ndipo imeneyonso ndi phindu.

Nkhanga zidapangana kusanapse. Pamene wodwala akutha kuganiza ndi kulankhula bwino, ndiyo nthawi yoti anene yekha za benchi, za angongole, za nambala yachinsinsi ya ndalama za pafoni, za ana. Kukamba zimenezi si kumulodza. Chotupa cha mu ubongo chimatha kutseka pakamwa munthu akadali moyo, ndipo pamenepo achibale olanda chuma amakhala atanola kale mano.

Mawu kwa akomiti ndi kwa mabwana

Inu a komiti ya msika, pa maliro ndinu akatswiri. Mbale imazungulira, lole imapezeka, nyimbo mpaka kumanda. Bwanji mbale yomweyo osaizungulitsa munthu akadali pa 70 kapena 60, pamene ndalama ya minibasi ya ku Blantyre ikhoza kusintha nkhani yonse? Bwanji osamusungira malo ake, mwana wake kapena mkazi wake azigulitsapo, m'malo mothamangira kuwagawa? Mnzathu amene chenji chayamba kumuvuta, m'malo momuseka kapena kumubera, woyandikana naye benchi azimuwerengera, ndipo auze a kunyumba kwake kuti apite naye kuchipatala. Kawirikawiri woyamba kuona kusintha ndi inu, poti mumakhala naye kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa kuseri kwa phiri.

Kwa mabwana omwe timawavotera ndili ndi funso limodzi lokha. Inu mutu ukangoti waa, ndege ya ku Johannesburg yanyamuka. Ife mutu ukawawa miyezi itatu, ndi Panado wa pa okala. Mukabwera kudzapempha mavoti mumsika muno, tidzakuyezani pa sikelo yathu: mankhwala oletsa ululu ndi oletsa kugwa alipo m'zipatala zazing'ono? Ambulansi ya odwala otumizidwa ku Blantyre ili ndi mafuta? Anamwino oyendera odwala m'makomo alipo angati? Mukadzati "zili bwinoko," tidzakuuzani kuti umenewo si muyeso.

Kwa lero ndalekeza pomwepa. Amene muli ndi wodwala pakhomo, gulani kakope lero lomwe, ndipo usiku uno mumufunse funso lija la chomwe akulakalaka atachitabe. Mumve yankho mpaka kumapeto, osamudula mawu. Sabata yamawa, Mulungu akalola, tidzakamba za ngalande za mumsika mvula isanatipeze. Tsopano mukhoza kukulungira matemba aja.

Ndine wanu wa pa sikelo.